Zotsatira za funso langa la makina a pick-and-place ndi panel ya mabolodi ambiri

Zikomo kwambiri nonse amene munayankha funso langa la momwe ndingakonzere pulogalamu ya makina oika tizipangizo (pick-and-place) pa panel (bolodi lalikulu lomwe limadzadulidwa) yokhala ndi mabolodi 6 ofanana a zamagetsi. Ndinatsatira malangizo olowetsa malo a tizipangizo ta bolodi limodzi lokha kuchokera mu fayilo ya centroid (mndandanda wa malo ndi ngodya ya kachipangizo kalikonse), kenako n'kupatsa makinawo mtunda wa X ndi Y pakati pa mabolodi kuti abwereze okha. Zayenda bwino, makamaka kamera ya makinawo itayamba kuwerenga ma fiducial (timadontho toithandiza kudziwa pomwe bolodi lili) a bolodi lililonse m'malo modalira a panel okha. Amene mudzakumane ndi vutoli, mtundawo muutenge mu Gerber (fayilo ya mapulani opangira bolodi) ya panel kuti mpata wodulira uwerengeredwe, ndipo bolodi lotembenuzidwa madigiri 180 mulipatse ngodya yakeyake, apo ayi ma diode ake (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) adzaikidwa mozondoka.