Kulemba nkhani pa intaneti: ndalama zake zimabwera bwanji?

Nachi wa ku Ndirande

Moni nonse. Laputopu ndili nayo, yakale koma imagwira ntchito, ndipo ndimalemba bwino Chingerezi ndi Chichewa chomwe. Ndikufuna ndiyambe kupezako kangachepe polemba nkhani pa intaneti. Ena akuti nditsegule webusaiti yanga ndiikepo zotsatsa malonda za Google, ena akuti ndilowe Upwork kapena Fiverr, mawebusaiti omwe makasitomala amapezerapo owagwirira ntchito. Palinso gulu lina pa WhatsApp likuti ndilipire K15,000 ya kalembera kuti lizindipatsa ntchito tsiku lililonse. Njira yoona ndi iti? Nanga ndalamazo zimafika bwanji kuno ku Blantyre?

Achimwene a ku Chilomoni

Achemwali, a pa WhatsApp aja asiyeni lero lomwe. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa wantchito wake, amamulipira. Mukangotumiza K15,000 ija pa Airtel Money kapena Mpamba adzakupatsani kankhani kamodzi "koyeserera", kenaka nambala yazima.

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, konzani kaye njira yolandirira ndalama, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Mufunika chiphaso chaunzika kapena pasipoti, akaunti ya kubanki ya m'dzina lanu (National Bank, Standard, FDH, NBS, iliyonse), ndi akaunti ya Payoneer, kampani yolandirira ndalama zakunja pa intaneti, yomwe mudzailumikize ku Upwork kapena Fiverr. Dzina lilembedwe chimodzimodzi malo onsewa. Ngati pa chiphaso pali maina atatu koma kubanki mudalembetsa awiri, kapena chilembo chimodzi chasiyana, ndalama zimaima panjira mpaka mutatumiza umboni, ndipo zimenezi zimadya masabata. Musagule akaunti ya munthu wina, ndipo musagwiritse VPN, pulogalamu yobisa komwe muli, kuti muoneke ngati muli ku America. Tsiku lomwe adzakupempheni kuti muyatse kamera muonetse nkhope ndi chiphaso, akauntiyo adzaitseka ndi ndalama zanu zili momwemo.

Masamu ake ali chonchi. Fiverr imadula 20% pa ntchito iliyonse, ndipo ndalama za wogulitsa watsopano zimadikira masiku 14 zisanamasulidwe. Nkhani ya $20 ndiye kuti yanu ndi $16. Kuyambira pomwe kwacha idagwa ndi 44% mu Novembala 2023, dola kubanki yakhala ili pa K1,700 ndi kanthu, choncho $16 ija ikupatsani K27,000 ndi pang'ono, Payoneer isanadulepo yake. Nchifukwa chake si bwino kutapa ndalama zochepazochepa, dikirani ziunjikane. Ku Upwork mumagula ma Connects, omwe ali ngati matikiti, kuti mufunsire ntchito, ndipo amatha kaya mwaipeza ntchitoyo kaya ayi. Musamangoponya pena paliponse. Sankhani kasitomala amene njira yake yolipirira ndi yotsimikizika komanso adalipirapo kale anthu ena, ndipo pa ntchito ya mtengo wokhazikika musayambe kulemba asanaike ndalama mu escrow, momwe Upwork imazisunga mpaka ntchito itatha.

Chomaliza, musadzitche "wolemba chilichonse". Oterowo alipo zikwizikwi ku Kenya, Nigeria, Philippines, ndipo mitengo adaigwetsa kale. Sankhani gawo limodzi lomwe mukulidziwa, kaya ulimi, zaumoyo, zokopa alendo, mulembe zitsanzo zitatu za mawu 800 mpaka 1,000, muziike pa Google Docs, kasitomala azitsegula ndi linki imodzi.

Mai a Tadala, Namiwawa

Ndionjezereko pa za webusaiti, poti ndi zomwe zimanamiza anthu ambiri. Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo zomwe AdSense, pulogalamu ya Google yoika zotsatsa malonda pa mawebusaiti, imalola, ndiye tsamba lolembedwa m'Chichewa chokhachokha sangalivomere. Likhale la Chingerezi, la nkhani zanuzanu. Kukopera za m'manyuzipepala nkungosintha mutu, amakana, komanso Copyright Act ya 2016 ilipo, eni nkhani akhoza kukukokerani kukhoti.

Akakuvomerani, Google salipira mpaka ndalama zitakwana $100. Zikafika $10 amatumiza PIN yotsimikizira keyala yanu pa kalata yeniyeni ya papepala kudzera ku positi ofesi. Apa ndiye pamavuta kwa ife a m'makomboni: keyala ya "kuseri kwa tchalitchi, Ndirande Goliyo" kalata siifika. Lembani P.O. Box yodalirika, yanu kapena ya kuntchito kwa wachibale, ndipo muzikayang'anako. Pali fomu yamsonkho wa ku America, W-8BEN, yomwe mumadzaza pomwepo pa intaneti. Malipiro amatuluka pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatira, ndipo kuti alowe kubanki mufunika SWIFT code ya banki yanu, nambala yoizindikirira pa malipiro ochokera kunja.

Vuto lalikulu ndi lakuti otsatsa malonda amalipira pang'ono kwambiri pa owerenga a kuno poyerekeza ndi a ku UK kapena America. Tingoyerekeza kuti mukupeza $1 pa maulendo 1,000 omwe tsamba latsegulidwa: mufunika maulendo 100,000 kuti muione $100 yoyamba ija, pomwe domain ndi hosting (dzina la webusaiti ndi malo oisungira) mukulipira chaka ndi chaka, m'madola, ndi khadi la kubanki lomwe lili ndi malire a ndalama zakunja. Ndiye pamabwera chiyeso chouza abale ndi anzanu kuti azidina zotsatsazo. Google imaona kuti akudina ndi mafoni omwewomwewo, m'dera lomwelomwelo, ndipo imatseka akaunti osabweza kanthu. Kwa ine webusaiti ndi yabwino ngati posungira zitsanzo za ntchito yanu, osati ngati munda woti mudyepo chaka chino.

Che Jafali wa ku Limbe

Zonse zanenedwazi nzoona, koma ine ndikuona kuti mukuyang'ana kutali kwambiri. Chiyambire ChatGPT kumapeto kwa 2022, nkhani zotchipa zija za "njira khumi zochepetsera thupi" makasitomala ambiri akudzipangira okha ndi makina. Chomwe makina sangathe ndi kukwera minibasi kupita ku Lunzu tsiku la msika, kukacheza ndi mayi wogulitsa tomato, kumujambula atavomera, nkulemba zomwe wanenadi. Mphamvu yanu ili pamenepo, komanso pa Chichewa chanucho.

Mabungwe omwe si aboma amafuna nkhani za anthu omwe apindula ndi ntchito zawo, malipoti a pachaka, ndi kumasulira timabuku ndi mauthenga kuchoka m'Chingerezi. Makampani ang'onoang'ono, malo ogona alendo, masukulu apulaiveti amafuna wowalembera pa Facebook ndi pa mawebusaiti awo. Awa mumagwirizana nawo pamwezi: mauthenga angati, zithunzi ndi za ndani, kukonza kangati. Manyuzipepala nawo amalandira nkhani za olemba apadera. Nation ndi Times onse ali pa Ginnery Corner, ndipo ali ndi masamba a Chichewa, Tamvani ndi Tikambe. Malipiro ake si onenepetsa, koma dzina lanu likatuluka pamenepo mumakhala ndi choonetsa kwa kasitomala wina.

Pa ntchito za kuno, pitani ku MRA mukatenge TPIN, nambala yanu ya msonkho, chifukwa bungwe lalongosoka lidzakufunsani. Lidzakudulaninso withholding tax, msonkho wochotseratu pa malipiro anu, ndiye muzipempha satifiketi yake nthawi zonse. Gwirizanani polemba, ngakhale pa imelo: mawu angati, mtengo, tsiku lopereka, tsiku lolipira. Kwa kasitomala watsopano tengani theka musanayambe. Amene akukana theka ndi amene adzakuuzeni kuti "cheke chikudikira asaine abwana" kwa miyezi itatu.

Achimwene a ku Chilomoni

Che Jafali, za kuno nzabwino, komatu kwacha ikagwanso amene ali ndi kasitomala mmodzi wa madola ndiye amapuma. Agwire zonse ziwiri. Ndisaiwale, achemwali: kasitomala wakunja za ESCOM sazidziwa, amangodziwa kuti ntchito yachedwa, ndipo nyenyezi zochepa zomwe angakupatseni poyeza ntchito yanu pa Upwork kapena Fiverr zimakutsatani nthawi yaitali. Ngati nkhani ingakutengereni tsiku limodzi, lonjezani masiku atatu. Lembani pa Google Docs mutayatsa offline kuti netiweki ikathawa musataye ntchito, khalani ndi SIM ya Airtel ndi ya TNM zonse, ndi power bank ya foni yomwe mukuigwiritsa ngati hotspot. Zimitsaninso ma update a Windows poika metered connection, apo ayi bandulo ya sabata idzatha usiku umodzi.

Nachi wa ku Ndirande

Zikomo kwambiri nonse. Nanga mtengo ndiuike bwanji? Ndikuopa kutchula wokwera nkuthawitsa anthu.

Mai a Tadala, Namiwawa

Werengerani kuchokera pansi. Dziyeseni nthawi polemba nkhani ya mawu 1,000, kuphatikizapo kufufuza ndi kukonza. Kwa woyamba imatha kudya maola anayi kapena asanu. Onjezani bandulo, thiransipoti ngati mukupita kukacheza ndi anthu, ndi zomwe adzadule a Fiverr kapena a msonkho. Mtengo uliwonse wosafika pamenepo ndiye kuti mukumulipirira kasitomala. Tchulani mtengo pa nkhani yonse, muneneretu kuti kukonza kwaulere ndi kawiri basi, kachitatu nkolipira. Pa ntchito yomasulira werengani mawu a chikalata choyambirira, osati a Chichewa chomwe mwalemba, kuti mtengo udziwike musanayambe. Mukamaliza ntchito zisanu zoyamba ndipo makasitomala akhutira, kwezani mtengo kwa atsopano, akalewo muwapatse chidziwitso cha mwezi umodzi.