Kodi nyumba zooneka ngati bokosi zinayambira kuti, nanga kuno ku Mangochi n'zoyenera?

Wofunsa wa kwa Mponda:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi puloti m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, ndipo mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira pulani ya nyumba yooneka ngati bokosi, ya makoma oyera opanda chokongoletsa chilichonse, mazenera aakulu otambalala ndi denga la silabu lopanda malata. Iye akuti nyumba yamakono ndi imeneyi, koma ine ndinakulira m'nyumba ya khonde lozungulira, choncho mtima wanga sukukhazikika. Kodi kamangidwe kameneka kanachokera kuti, ndipo amene anakayambitsa ankalimbana ndi vuto lanji?

Mphunzitsi wopuma wa ku Namwera:

Bambo, chimene mwana wanu akuchitcha chamakono chatha zaka pafupifupi 100. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, m'mizinda ya ku Germany munali kusowa kwakukulu kwa nyumba, ndipo mabanja a anthu ogwira ntchito m'mafakitale ankapanikizana m'zipinda zamdima ndi zachinyontho, momwe chifuwa chachikulu chinkafala mosavuta. N'chifukwa chake akatswiri ojambula mapulani anayamba kulimbikira kuti chipinda chilichonse chizilowa dzuwa ndi mpweya, ndipo zokongoletsa anazisiya poona kuti zimangodya ndalama zimene zikanamangira banja lina pogona.

Mumzinda wa Frankfurt, katswiri wina dzina lake Ernst May anatsogolera ntchito yomanga nyumba pafupifupi 12,000 pakati pa 1925 ndi 1930, ndipo kuti ntchito ifulumire, makoma a nyumba zina ankaumbiratu kufakitale n'kukangowalumikiza pamalo omangapo. Mu 1927 ku Stuttgart kunachitika chionetsero cha nyumba chotchedwa Weissenhof, chimene anachiyang'anira katswiri wina dzina lake Mies van der Rohe, ndipo kunamangidwa nyumba 21 zojambulidwa ndi akatswiri a m'mayiko angapo, kuphatikizapo Le Corbusier ndi Walter Gropius. Si onse amene anakondwera nazo. Adani a kamangidweka anafika posindikiza chithunzi cha nyumbazo atajambulapo ngamila, ponyoza kuti kumeneko ndi kumudzi kwa Aluya. Mfundo yofunika kwa inu ndi yakuti anthu amenewa ankasaka dzuwa chifukwa kwawo limasowa, moti Le Corbusier ankafuna kuti pamwamba pa denga pakhale dimba ndi malo oothera dzuwa. Ife kuno mwezi wa Okutobala timalithawa dzuwalo.

Mmisiri wa pa boma:

Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingoonjezerapo za denga, pakuti ndiyo ntchito imene ndadyera zaka zambiri. Denga lafulati linavutitsa ngakhale eni ake amene analiyambitsa. Nyumba yotchuka ya Villa Savoye, imene Le Corbusier anamanga ku Poissy pafupi ndi Paris n'kuitsiriza mu 1931, inkadontha kwambiri moti mayi wa pakhomopo ankalemba makalata odandaula kuti mvula ikugwa m'nyumba. Ku Pessac, kufupi ndi mzinda wa Bordeaux ku France komweko, iye anamanganso nyumba pafupifupi 50 za anthu apantchito, koma patapita zaka okhalamo ambiri anachepetsa mazenera aja, ena n'kufolera pamwamba pa silabu ndi denga lotsetsereka.

Chaka chatha ndinaitanidwa kukakonza nyumba ina m'mbali mwa nyanja, ya mtundu uja wa malata obisika kuseri kwa khoma. Nditakwera ndinapeza ngalande ya madzi itadzaza masamba a mango, madzi atabwerera pansi pa malata, siling'i itafufuma ngati mkate woviikidwa mu tiyi. Silabu yeniyeni nayo ili ndi vuto lake, chifukwa imamwa kutentha tsiku lonse n'kumakutulutsira m'chipinda usiku, ndipo ngati simenti inachepa pothira, ming'alu imaonekera mvula yoyamba ikangogwa. Komanso khoma lopanda denga lolitchinga limamenyedwa ndi mvula mwachindunji, penti n'kuyamba kusupuka zisanathe zaka ziwiri. Sindikunena kuti n'zosatheka, koma zimafuna zitsulo zokwanira, phula lotsekera madzi ndi munthu wokwera kukasesa chaka ndi chaka.

Mayi wa ku Makawa:

Abambo nonse mwakamba za pamwamba, koma palibe amene wafunsa kuti muphikira kuti. M'nyumba za ku Frankfurt zija munali khitchini imene anaijambula mayi wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, mu 1926, atayamba wawerengera nthawi ndi mayendedwe a munthu wophika kuti asamayende mtunda wopanda pake. Inali ya mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali, ndipo anaika makhitchini otere pafupifupi 10,000. Nzeru yake ndimaiyamikira, chifukwa anaganizira kutopa kwa mkazi pa nthawi imene ambiri sankakulabadira, koma chipindacho chinali cha munthu mmodzi wophika pa chitofu. Tangoyesani kukoleza mbaula ya makala kapena kukazinga usipa m'kachipinda kotero, muone mmene makoma oyerawo aonekere pakatha mwezi. Nanga pa sadaka kapena pa ukwati, amayi khumi adzakhala pati ndi miphika yawo? Tayang'anani bwino pulaniyo, bambo, ngati muli khitchini ya panja ndi posungira nkhuni.

Wofunsa wa kwa Mponda:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, ndayang'ananso pulaniyo ndipo khitchini ya panja mulibe, pali kachipinda kamodzi kolumikizana ndi pabalaza. Ndamuimbira mwanayo usiku wathawu, ndipo tagwirizana kuti mazenera aakuluwo akhalepo kuti mphepo ya kunyanja izidutsa, koma tiike malata otulukira kunja ndi khonde kumbali yolowera dzuwa. Amisiri, kodi malatawo atuluke motalika bwanji kuchokera pakhoma kuti mvula isamafike pazenera?