Kashopu ka ramen pafupi ndi pomwe ndikukhala ku Fukuoka: ndilowe bwanji?

Nachisale wa ku Meinohama analemba:

Moni nonse amene muli kuno ku Japan kapena munakhalako. Ndinafika mu October kudzaphunzira pa Kyushu University ndipo ndinapeza kachipinda ku Meinohama. Pa njira yochokera ku siteshoni kupita kwathu pali kashopu ka ramen (ma noodles a mu msuzi wotentha), ka nsalu yofiira pakhomo, mipando yake mwina 10 basi. Madzulo ndikamadutsa ndimaona azibambo ovala zantchito atandandana pa kauntala, aliyense maso ali m'mbale, nthunzi ili tolotolo. Fungo lake limandipeza ndisanafike n'komwe pakona, ndipo ndi lamphamvu ndithu.

Ndikufunitsitsa kukadyako chifukwa ndatopa ndi zakudya za m'mapaketi za ku konbini, timagolosale tating'ono ta kuno. Chikundibweza ndi makina olipirira chakudya amene ali pakhomo. Mabatani ake onse ndi a zilembo za Chijapani, palibe chithunzi ngakhale chimodzi. Komanso sindinaonemo mayi ali yekha, ndiye ndikudzifunsa ngati n'koyenera. Timitengo todyera tija ndangoyamba kuphunzira. Ndithandizeni: ndikalowa ndiyambe n'chiyani, ndipo nditenge ndalama zingati? Ndili pa sikolashipu, yen iliyonse ndimaiwerenga.

Achimwene a ku Hakozaki analemba:

Achemwali, takulandirani ku Kyushu. Lowani, musachite mantha. Malo amene mukuona anthu a maovololo akudyamo tsiku ndi tsiku ndi amene muyenera kuyambira, chifukwa anthu amenewo sataya ndalama yawo pa chakudya chosakoma. Ine ndimagwira ntchito pa yadi ina ya magalimoto akale cha ku doko, ndipo nkhomaliro yanga kawirikawiri ndimadyera malo otere.

Fungo mukunenalo ndi la mafupa a nkhumba. Ramen ya kuno ndi tonkotsu. Amawiritsa mafupa pa moto waukulu kwa maola ambiri, ena kuyambira dzulo lake, mpaka mafuta ndi za m'kati mwa fupa zisungunukire m'madzi, msuzi n'kuyera kuti mbee. Ramen ya tonkotsu inayambira ku Kurume, kumwera kwa Fukuoka, mu 1937. Musaope, fungolo limakula panja kuposa m'mbale.

Pa makinawo, lowetsani kaye ndalama, mabatani ayaka. Batani la pamwamba kumanzere nthawi zambiri ndi ramen wamba ya pamalopo, ndipo ndi imene muyenera kudya tsiku loyamba. Yang'anani zilembo izi: ラーメン. Dinani, kapepala katuluka pansi, ndipo musaiwale kudina batani kapena kukoka kachitsulo ka chenji. M'timashopu ta m'makwalala kuno mbale imakhala pakati pa 600 ndi 900 yen, ndiye ya 1,000 ikukwanani. Ya 10,000 musapite nayo, makina ambiri ang'onoang'ono sailandira. Chinanso, mu July 2024 anatulutsa ndalama zamapepala zatsopano, ndipo makina ena akale amazilavula. Zikachitika musatekeseke, ingonenani kuti sumimasen (pepani) n'kuonetsa ndalamayo, akusinthirani ndi yakale. Makadi a kubanki iwalani, malo otere ndi kashi.

Mukakhala pansi ikani kapepalako pamwamba pa kauntala. Wophikayo akufunsani funso limodzi mofulumira, ndipo ngakhale musamve mawu ake, dziwani kuti akufunsa kuti ma noodles apse bwanji. Yankhani kuti kata. Ndiye kuti akhale olimbako pang'ono. Futsu ndi apakati, yawa ndi ofewa, barikata ndi olimba kwambiri. Ine ndimati kata chifukwa ma noodles a ku Hakata, dera la mu Fukuoka muno, ndi opyapyala zedi ndipo amapitiriza kupsa mu msuzi wotenthawo. Mukaitanitsa ofewa, pofika pakati pa mbale amakhala atalobodoka. Mbale imafika musanamalize n'kuthira madzi mu tambula.

Apa ndiye pali chimene ndimakonda. Muona ngati akupatsani ma noodles ochepa. Amatero dala. Cha m'ma 1950, ku Nagahama, kumene kuli msika waukulu wa nsomba, ogwira ntchito pamsika analibe nthawi yodikira chakudya, ndiye ophika anapyapyalitsa ma noodles kuti azipsa msanga. Koma opyapyala akachuluka m'mbale amafewa munthu asanamalize, choncho anayamba kupereka ochepa, wofuna ena n'kuitanitsa achiwiri otentha kuti athire mu msuzi womwewo. Imeneyi ndi kaedama, ndipo imakhala 100 kapena 200 yen. Ndiye msuzi musaumalize. Ma noodles akatsala pang'ono, kwezani mutu n'kunena kuti kaedama, kata. Makina ena ali ndi batani lake, koma malo ambiri mumangoika makobidi pa kauntala. Msuzi ukazizira mchere chifukwa cha achiwiriwo, pa tebulo pamakhala kabotolo kapena kaketulo ka msuzi wakuda wamchere, dontheza pang'ono.

Za pa tebulo zina ndi zaulere: jinja wofiira wodulidwa timizeremizere, chitowe, adyo, ndipo malo ena amaika takana. Takana ndi mpiru weniweni, woviikidwa mumchere kenako n'kuukazinga ndi tsabola, ndipo mukaulawa mukumbuka kumudzi. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: yambani mwamwa msuzi ndi sipuni musanathiremo kalikonse. Bambo uja wadzuka m'mamawa kusamala mphika umenewo, ndipo tsabola wa takana akalowa, kukoma kwa msuziwo simukumvanso. Ine ndimadya mbale yoyamba momwe yabwerera, takana ndi adyo ndimathira pa kaedama.

Za timitengo musadandaule, palibe amene akuyang'anani. Weramirani mbale, kwezani ma noodles ochepa, kokani ndi mlomo. Phokoso limene kwathu amayi akanakudzudzulani nalo kuno n'lololedwa, ndipo limathandiza kuti musapse pakamwa. Madzi mumadzitungira nokha. Ndalama yothokoza sapereka, mukaisiya akuthamangirani nayo panja. Mukamaliza nyamukani, si malo ochezera pa foni, makamaka ngati panja pali mzere. Potuluka nenani kuti gochisousama deshita (zikomo chifukwa cha chakudya) mokweza kuti wophikayo amve.

Amayi okha amadya ndithu m'malo amenewa, kungoti nthawi imene mumadutsayo ndi ya anthu oweruka kuntchito. Pitani cha m'ma 2 koloko masana, mipando ili yambwee. Ambiri amatseka cha m'ma 3 n'kudzatsegulanso madzulo. Nsalu ija ikakhala yopachikidwa pakhomo ndiye kuti n'kotsegula.

Abiti a ku Mangochi analemba:

Achimwene afotokoza bwino, koma ndionjezere kaamba ka ena owerenga amene sadya nkhumba ngati ine, Asilamu ndi abale athu a Seventh Day. Ku Fukuoka kuno nkhani ya ramen ndi yovuta kwa ife. Kuchotsa kagawo ka nyama kamene amaika pamwamba sikuthandiza, nkhumba ili mu msuzi momwemo. Ngakhale ramen ya shoyu (sosi wa soya), ya shio (mchere) kapena ya miso (soya wosasitsa), ambiri amaikamo mafupa a nkhumba kapena mafuta ake. Ya nkhuku, tori paitan, nayonso muzifunsa, chifukwa ena amaikabe nyama ya nkhumba pamwamba. Kwa ife Asilamu palinso mirin ndi sake, mitundu ya mowa wa mpunga, zimene amathira mu zokometsera.

Ine ndikafuna chotentha chotsika mtengo ndimapita ku udon, ma noodles onenepa a tirigu. Udon ya ku Fukuoka ndi yofewa, msuzi wake ndi wa nsomba zouma ndi ndere za m'nyanja, ndipo goboten udon, ya mizu ya gobo yokazinga, ndi imene anthu akuno amanyadira. Ndimafunsabe za mirin. Amene mukufuna malo a halal, fikani ku mzikiti wa ku Hakozaki Lachisanu, unatsegulidwa mu 2009, ndipo anthu a kumeneko ndi amene amadziwa malo amene ali otsegula panopa.

Mnyamata wa ku Sapporo analemba:

Ine ndinganene kuti tsiku loyamba mupite kaye ku Ichiran, kampani ya ramen ya mashopu ambiri, poti kwawo ndi ku Fukuoka komweko ndipo shopu yawo yaikulu ili ku Nakasu. Ali ndi pepala la Chingerezi lomwe mumangozunguliza zimene mukufuna, ndipo aliyense amakhala m'kachipinda kake kotchinga mbali zonse, ndiye mutha kulimbana ndi timitengo popanda wokuonani. Mukazolowera mupite ku kashopu kanuko. Mukadzabwera kuno kumpoto nthawi yachisanu mudzalawe ya miso, ma noodles ake ndi onenepa opotanapotana, ena amaikamo chimanga ndi batala.

Achimwene a ku Hakozaki analemba:

Aphwanga a ku Sapporo, maganizo anu ndawamva, ndipo kwa munthu wongodutsa masiku ochepa ndi abwino. Koma achemwaliwa akhala ku Meinohama zaka, ndipo anena kale kuti akuwerenga ndalama. Kumeneko alipira zambiri kuposa pakhomo pawo, kuonjezapo ya sitima yopita ku Nakasu. Komanso kukhala wotchingidwa mbali zonse si chimene munthu wobwera kumene, amene ali yekha m'dziko la eni, akusowa. Kumene ndimadya ine kuli bambo ndi mkazi wake, onse okalamba. Sitichezerana zambiri, Chijapani changa n'chantchito basi. Koma ndikangotsegula chitseko mayiwo amakuwira kukhitchini kuti kata ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo nditadwala chimfine n'kusowa kwakanthawi anandifunsa kumene ndinali. Timashopu totere tikuvutika masiku ano chifukwa mitengo ya ufa, nyama ndi gasi yakwera, pamene makasitomala safuna kuti mbale ipitirire 1,000 yen. Ndalama yathu yochepayo ndi bwino izipita kumeneko.

Nachisale wa ku Meinohama analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Ndapita lero masana nditachoka ku kalasi. Munali bambo mmodzi yekha wachikulire akuwerenga nyuzi. Batani la kumanzere lija linali 700 yen, makina analandira ndalama yanga bwinobwino, ndipo nditati kata wophikayo anangogwedeza mutu. Mayi amene amatumikira ataona bulauzi yanga yoyera anandibweretsera epuloni ya pepala ndisanapemphe. Msuziwo ndi wokhuthala, umamata milomo, ndipo fungo lija m'mbale mulibedi. Kaedama sindinaikwanitse, mbale imodzi inandikhutitsa. Takana analipo m'kambiya pa kauntala, ndinangolawa pang'ono pomaliza, ndi mpirudi koma tsabola wake ndi woopsa.

Abiti, mnzanga wa m'kalasi ndi wa ku Indonesia ndipo wakhala akufunsa za malo a halal, ndimuuza za ku Hakozaki. Achimwene, pa makina paja pali batani lina la 950 yen limene anthu awiri amene analowa ine ndikutuluka anadina onse. Ndajambula chithunzi, ndikutumizirani kuti mundiwerengere.