Makamera a CCTV sakuoneka ndikachoka pashopu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pashopu pathu tili ndi NVR (makina ojambula ndi kusunga zithunzi za makamera) ya Hikvision yolumikizidwa ku makamera a PoE (olandira magetsi kudzera pa waya wa netiweki). Ndikakhala pa WiFi ya pomwepo zonse zimaoneka bwinobwino pafoni, koma ndikangochoka n'kuyatsa data, kuli zii.

NVR ndaipatsa IP yosasintha, 192.168.1.50, gateway ndi DNS ndaloza ku rauta. Pa rautapo ndatsegula ma port 80, 554 wa RTSP (wodutsira vidiyo) ndi 8000, UPnP (yotsegula ma port yokha) ndazimitsa, DDNS (dzina lolozera ku IP ya rauta ngakhale ikasintha) nayo ndakonza. Chomwe chikundikayikitsa n'chakuti rauta yathu ndi ya 4G yoika SIM khadi, ndipo IP yake ya WAN (ya mbali ya intaneti) ikuyamba ndi 100.64, yosiyana ndi imene imatuluka ndikafufuza pa intaneti. Kodi imeneyi si CGNAT, pomwe kampani ya intaneti imagawira makasitomala ambiri public IP imodzi? Ngati ndi yomweyo, port forwarding (kutsegula ma port kuja) ingagwire n'komwe?

Za Hik-Connect, njira ya Hikvision yoonera makamera kudzera pa ma seva awo, ndikuzidziwa, kungoti abwana akana, sakufuna zithunzi za pashopu zidutsire kwina. Ndiye ndilowere kuti: ndikapemphe public IP ku kampani ya intaneti, kapena ndiike WireGuard (VPN, njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya pashopu uli kutali) kudzera pa VPS (seva yobwereka pa intaneti)? Ndipo inu amene mumaonera pa sub-stream (vidiyo yopepuka yosadya data yambiri), bandulo imakufikitsani kumapeto kwa mwezi?