Chithunzi changa cha dinosaur sichikumveka, thandizeni

Muli bwanji nonse pagulu pano, makamaka inu ojambula?

Ndikujambula pakhoma la mpanda ku Area 25 kuno ku Lilongwe, khoma la mamita 6, ndi penti wamafuta. Ndaikapo Malawisaurus, chinyama chakhosi lalitali chija mafupa ake anapezeka ku Karonga, chitaima pakati pa zitsa za ku Dzalanyama, pambali njinga yosenza matumba a makala. Ganizo langa ndi ili: madinosaur anatha zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala chachikulu chochokera kumlengalenga chitagwa ku Mexico, iwo analibe chochita, koma ife chimwala chathu tikudzigwetsera tokha.

Vuto ndi loti odutsa sakutolapo kanthu. Mayi wina wogulitsa mandasi anandifunsa ngati ndi ng'azi yoba makala! Ndinawonjezera chimwala chamoto kumwamba, ana akuti ndi dzuwa. Ndinalemba kuti "Nawonso anatha", bambo ena achikulire anati ndikutemberera dera. Mnzanga wina mphunzitsi wandiuzanso kuti Malawisaurus inatha kalekale chimwalacho chisanagwe, ndiye kuti ndasakaniza nthawi.

Ndisinthe chiyani kuti uthenga umveke popanda ine kuimapo n'kumafotokoza? Ndichotse chimwalacho ndiike munthu wonyamula nkhwangwa? Penti watsala chitini chimodzi chokha.