Noti imodzi ikunjenjemera pa nyimbo ya kwaya, amayi akuifuna Lachisanu

Dalitso, Ulongué
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Loweruka ndinajambula kwaya ya amayi a mpingo wina kuno, nyimbo zitatu. Woimba kiyibodi alibe, ndiye click, kaphokoso kosunga liwiro kaja, ndinapatsa mayi wotsogolera yekha m'makutu, iwo n'kumawamenyera anzawo ndi dzanja. Soprano ndinajambula paokha, alto paokha, zida tinagwirizana kuti ndiika pambuyo. Anandisiyira mapepala olembedwa ndi bolopeni, zilembo ndi timadontho basi. Mzere woyamba uli chonchi:

| d : d . r | m : m | f : m . r | m : - |

d ndi Dó, Dó ndi C, ndiye Pitcher, pulagini ya FL Studio yowongola manoti a woimba, ndaiika pa C major. Zonse zikutuluka bwino kupatula noti imodzi. Paliponse pamene pali f mawu akunjenjemera, akukwera n'kutsika osakhazikika. Besi ndaimanga pa C, F ndi G potsata pepala lomwelo, pena ikukhala, pena ikulimbana ndi amayi. Theka la ndalama anatumiza kale pa M-Pesa ndipo Lamlungu ali ndi msonkhano. Vuto ndi pulagini kapena ndi amayiwo?

Mavuto, Zóbuè
Mano, siyani mapepala. Yatsani manoti onse 12 pa Pitcher, tsitsani speed, besi muisake ndi khutu mpaka ikhale. Ine noti sindidziwa ndi imodzi yomwe koma nyimbo zanga zikuvinidwa mbali zonse ziwiri za malire.

DJ Kanyimbi, Moatize
Musanakhudze kanthu, tulutsani soprano yokhayokha yopanda Pitcher, muiponye mu pulogalamu ya ma DJ, VirtualDJ kapena rekordbox, mutiuze kiyi imene ikuonetsa.

Dalitso, Ulongué
Nyimbo yoyamba ikuti 7B. Yachiwiri 7A. Yachitatu sindinaiyambe.

DJ Kanyimbi, Moatize
Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. C major pa gudumu la Camelot, limene ma DJ timatchulira makiyi ndi manambala, ndi 8B. 7B ndi F major. Amayiwo sakuimba mu C. Manambala awiriwa ndi oyandikana, ndipo ife tikamasakaniza timadumpha kuchoka pa 8B kupita pa 7B ovina osamva kanthu, chifukwa pa manoti 7 amasiyana imodzi yokha. Imodziyo ndi imene ikukuvutaniyo. Koma za pepalalo ine sinditha kufotokoza, tidikire a Mbewe.

Mphunzitsi Mbewe, Dómuè
Ndafika, ndinali kumunda. A Dalitso, tengani pepalalo muyang'ane pamwamba, kukona yakumanzere, pamwamba pa mzere woyamba. Palembedwa chiyani?

Dalitso, Ulongué
Pali timawu tating'ono, inki yake yafufutika. "Key F".

Mphunzitsi Mbewe, Dómuè
Zikomo. Amayiwo sanaphonye, anakuuzani kale kiyi yawo.

Kuno kwathu timakhala ndi Dó awiri, ndipo anthu amakangana m'situdiyo aliyense akunena zoona. Amene anaphunzira nyimbo m'Chipwitikizi, kusukulu kapena kwa a padre, Dó wake sasuntha. Dó ndi C nthawi zonse, Ré ndi D, Mi ndi E, mpaka Si amene ndi B. Koma pepala muli nalolo ndi solfa ya m'makwaya, imene inafalitsidwa ndi John Curwen ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840, n'kufika ku Malawi ndi amishoni. Ambirife a ku Angónia tinaiphunzira ku Dedza ndi ku Ntcheu pamene tinathawirako nkhondo, ndipo titabwerera pambuyo pa 1992 tinabwera nayo m'makwaya. M'solfa imeneyi d amasuntha. Ndi noti imene nyimbo imapumirapo, ndipo wolemba amakuuzani pakona kuti lero d wakhala pati. Apa wakhala pa F, amene kusukulu mumati Fá.

Ndiye werengani chonchi: d ndi F, r ndi G, m ndi A, f ndi B♭, s ndi C, l ndi D, t ndi E. Onani f. Ndi Si bemol, batani lakuda pa kiyibodi. Mu C major mulibe noti imeneyi. Amayi akamaimba Si bemol wawo molondola, makina anu akuona noti yosaloledwa, ndiye akuikokera pena ku A, pena ku B, chifukwa zonse ziwiri zili pafupi mofanana. Kunjenjemera mukumvako ndi kumeneko.

Za timadontho, popeza mudzakumana nato kawirikawiri: madontho awiri amalekanitsa kugunda kumodzi ndi kwina, dontho limodzi limagawa kugunda pakati, kachizindikiro ka koma (,) kamagawa kanayi, kamzere kogona kakutanthauza kuti gwirani notiyo osaisiya, ndipo malo osalembedwa kanthu ndi kupuma. Papepala lanu muona kuti mizere yoimirira ina ndi yaitali, ina yaifupi. Wautali ndi poyambira bar, waufupi ndi pakati pake. Choncho mzere mwatilemberawo ndi ma bar awiri a 4/4, osati anayi. Kanambala 1 kakakhala m'munsi mwa chilembo, notiyo ndi ya octave yapansi, kakakhala pamwamba ndi yapamwamba.

Nabanda, Tete (Matundo)
Aphunzitsi anena zonse, ine ndingowonjezera za pa kompyuta. Achimwene, popeza besi munaimanga potsata pepala, musaifufute. Tsegulani piano roll, pamene pamaoneka manoti a besiyo, sankhani zonse, Shift ndi muvi wokwera kasanu. C ikhala F, F ikhala B♭, G ikhala C. Mukhozanso kutsitsa kasanu ndi kawiri, ndi manoti omwewo, koma besiyo ilowa pansi kwambiri ndipo amayiwa adzamvera pa foni ndi pa timasipika ta Bluetooth, siidzamveka. Kwezani.

Ma chord a nyimbo za kwaya ambiri ndi anayi awa. d m s ndi F A C. f l d ndi B♭ D F. s t r ndi C E G. l d m ndi D F A, ameneyo ndi D minor. Kuti mudziwe chord yoika pa bar iliyonse, ikani pepala la soprano ndi la alto pamodzi muone zilembo zimene zagwera poyambira bar. Zikakhala m ndi d, chord yoyamba. l ndi f, yachiwiri. Pena zilembo ziwiri zimalowa m'ma chord awiri, pamenepo khutu la a Mavuto ndi limene ligamule.

Yachiwiri ija ya 7A musaikhulupirire msanga. 7A ndi D minor, manoti ake ndi omwewo a F major, ndipo mapulogalamu amasokoneza ziwirizi makamaka akapatsidwa mawu okha opanda besi. Onani chilembo chomaliza cha soprano. Akathera pa d, ndi F major.

Dalitso, Ulongué
Yachiwiri yathera pa d, pakona palinso Key F. Ndakweza besi, Pitcher ndaika F major, f wakhazikika. Vesi yoyamba ikukoma kwabasi. Koma tsopano pali china. Vesi yachiwiri ikuyamba kusemphana pang'ono ndi piano, pofika yachitatu zikumveka kuti amayi ali pansi, ndipo Pitcher yayambanso kuchita zachilendo pa manoti ambiri, osati imodzi.

Mavuto, Zóbuè
Ndinanena ine. Pepala likuti F, pakamwa pakutuluka zina.

Mphunzitsi Mbewe, Dómuè
A Mavuto apa mwalasa. Kwaya yoimba popanda chida imatsika pang'onopang'ono, ngakhale yodziwa. Mpweya ukachepa pa noti yaitali yakumapeto kwa mzere, notiyo imagwa pang'ono, mzere wotsatira n'kuyambira pamene winawo wagwera. Onse amatsikira limodzi, ndiye m'tchalitchi palibe amene amadandaula. Ndipo ngati munawajambula m'mawa ndi kuzizira kwa kuno, asanatenthetse mawu, musadabwe. Click inawasungira liwiro lokha, kiyi panalibe wowasungira.

Nabanda, Tete (Matundo)
Chotsani Pitcher kaye. Inapangidwira munthu mmodzi. Amayi asanu pa maiki imodzi, ngakhale akuimba noti yofanana, aliyense amasiyana ndi mnzake pang'ono, ndipo kukoma kwa kwaya ndi kumeneko. Mukawapanikiza onse pa mzere umodzi amamveka ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni.

Chitani izi. Dulani mawu pa vesi iliyonse, pamene akupuma. Pa vesi iliyonse pezani d wautali wakumapeto, muyeze ndi tuner kuti watsika ma cent angati kuchoka pa F. Kuchoka pa batani lina kufika loyandikana nalo ndi ma cent 100. Chidutswacho muchipange unique kuti musasinthe zinzake, mudinepo kawiri, mode ikhale ya stretch kuti liwiro lisasinthe, kenako kwezani pitch ndi ma cent omwewo. Soprano ndi alto muwakweze mofanana, apo ayi muwononga mgwirizano wawo. Ma cent 20 kapena 40 palibe amene adzamve kuti mwakhudza. Akapitirira theka la batani, ndipo akutsika m'kati mwa vesi momwemo, kuli bwino kuwaitana abwereze vesiyo. Ndipo akabwera, muwaikire pad yofewa ya F, mawu a kiyibodi olira mosalekeza, m'makutu mwa wotsogolera pamodzi ndi click.

Chinanso, mukamafunsa anthu a Ableton kapena Cubase za octave samalani. C wapakati pa kiyibodi FL Studio imamulemba C5, iwo amamulemba C3. Ndi noti imodzi yomweyo.

Mavuto, Zóbuè
Chabwino, mwandigonjetsa pa Si bemol. Koma funso langa ndi ili: tonse tibwerere kusukulu tikaphunzire pauta, manoti olembedwa pa mizere isanu aja? Ine makasitomala anga ndi anyamata a amapiano ndi dancehall, palibe amene anabwerapo ndi pepala.

DJ Kanyimbi, Moatize
Mano, log drum yanu ija, besi ya amapiano, mumaichuna kuti igwirizane ndi woimba kapena mumangoisiya? Mumaichuna. Ndiye mukudziwa kale kiyi, dzina lake lokha ndi limene simulitchula. Inenso pauta sindiwerenga. Koma ndikudziwa kuti ndikazimitsa key lock, imene imasunga kiyi liwiro likasintha, n'kukweza liwiro ndi 6%, nyimbo yakwera pafupifupi batani lathunthu, ndipo imene inali 8B tsopano ili pa 3B. Osadziwa zimenezi amasakaniza manambala ogwirizana pa sikirini koma m'masipika mukutuluka nkhondo, iye n'kumati pulogalamu yanama.

Mphunzitsi Mbewe, Dómuè
Pauta ya mizere isanu ija, kwa ntchito yanu, ine sindikukakamizani. Ndi yofunika kwa woimba zolembedwa ndi ena, ndipo piano roll ikukuonetsani kale zomwezo mwa njira ina. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti m'chigawo chino makasitomala amalankhula zinenero zitatu za manoti, ndipo wa situdiyo ndi amene ali pakati. Wa kiyibodi wa ku Tete adzakuuzani kuti nyimbo ili mu Sol maior. Mayi wa kwaya wa ku Tsangano adzakupatsani d r m. Kompyuta ikufuna G. A Kanyimbi awonjezera chachinayi, 9B. Lembani zimenezi pa katoni, kiyi iliyonse mzere wake, mukhome pakhoma pafupi ndi sikirini. Makiyi amene makwaya amakonda ndi ochepa: C, F, G, D, B♭, E♭, A♭. Ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndipo wina akanena kuti Dó, mufunseni kuti Dó wake uti musanatsegule pulojekiti.

Yamikani, Furancungo
Ndalowa mochedwa koma ndiponyeko chenjezo, poti tsopano aliyense athamangira tuner. Ndinajambulapo madala oimba nyanga, zitoliro za Anyungwe zija, ndipo tuner inkaonetsa kuti pafupifupi chitoliro chilichonse chaphonya. Sichinaphonye. Nyanga ndi valimba zili ndi kachunidwe kakekake, manoti 7 otalikirana pafupifupi mofanana, osati ngati a kiyibodi. Mukazikokera ku F major mwapha nyimbo. Pamenepo zida za pa kompyuta ndi zimene zitsate madalawo, kapena ikani ng'oma zokha.

Mphunzitsi Mbewe, Dómuè
Zoona zimenezo. Katoni yanga ija ndi ya nyimbo za kiyibodi ndi za kwaya basi.

Dalitso, Ulongué
Ndayeza. Vesi yachiwiri inatsika pafupifupi 20, yachitatu 45. Ndakweza monga ananenera achemwali a Nabanda, Pitcher ndachotseratu pa gulu, ndangoisiya pa mayi woimba yekha poyambira. Ndatumiza kwa wotsogolera, ayankha kuti zili bwino koma alto akubisika pa kolasi, ndiye ndikukweza. Ziwiri zatheka. Yachitatu pakona pali Key G, ndawerenga ndekha: d ndi G, s ndi D, t ndi F♯. Koma pamzere wachitatu pali chilembo china, "fe". Ndi kulakwitsa kwa bolopeni?

Mphunzitsi Mbewe, Dómuè
Ayi, ndi f wokwezedwa ndi batani limodzi, sustenido. Mu G, f ndi C, ndiye fe ndi C♯. Kawirikawiri amatsogolera ku s, ndipo chord ya pamenepo ndi A C♯ E, yotsatira D. Pa mayi woimba yekhayo muyatse C♯ pa Pitcher pamalo amenewo. Mukaona "ta" ndi t wotsitsidwa, mu G ndi F wamba. "se" ndi s wokwezedwa.

Nabanda, Tete (Matundo)
Jambulani pepala lachitatulo lonse mutumize, alto ndi soprano, pamalo owala ndipo musadule pakona. Ndikulemberani ma chord usiku uno ndikaweruka.