Kafukufuku wa othandizira aphunzitsi: ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kufufuza ngati othandizira aphunzitsi m'kalasi amathandizadi ana kukhoza bwino. Maganizo anga ndi kuyerekeza malikisi a ana othandizidwa ndi a osathandizidwa, kenako kufunsa aphunzitsi mafunso. Zikwanira?

Wa ziwerengero: Ayi, malikisiwo akunamizani. Wothandizira amapatsidwa mwana amene watsalira kale, ndiye malikisi akatsika mudzaloza chala munthu wosalakwa. Ayeseni anawo kawiri, poyamba pa chaka ndi pomaliza, ndipo mulembe ngati mwana ali ndi vuto la kuphunzira komanso maola amene amathandizidwa pa sabata. Kafukufuku wa DISS, wofufuza ntchito ya othandizira aphunzitsi m'masukulu, amene anatsogolera Peter Blatchford ku Institute of Education, London, kuyambira 2003 mpaka 2009, anatsata ana oposa 8,000. Ngakhale atawerengera kumene mwana aliyense anayambira, anapeza kuti othandizidwa kwambiri ankatsalirabe poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo.

Membala wosatchula dzina: Ndiye kuti othandizirawo amaononga?

Wophunzitsa aphunzitsi: Musafulumire. Vuto linali kagawidwe ka ntchito. Mwana akakhala ndi wothandizira, mphunzitsi amamuiwala, ndiye wovutika kwambiri ndi amene amaphunzitsidwa ndi munthu wosaphunzira zauphunzitsi. Aphunzitsi ambirinso analibe nthawi yokonzekera phunziro limodzi ndi owathandiza. Izi simungazione pa pepala la mafunso, lowani m'kalasi. Sankhani mwana mmodzi, pa masekondi 10 aliwonse chongani amene akulankhula naye, mphunzitsi, wothandizira kapena mnzake, komanso ngati akufunsidwa funso lomuganizitsa kapena akungouzidwa yankho kuti ntchito ithe. Poyamba chongani awiriawiri kuti muone ngati mukugwirizana. Za tsiku loyamba musazidalire, pakabwera mlendo aliyense amadzikonza.

Wa ziwerengero: Ndionjezere: musaphatikize ntchito zosiyana. Wokhala pambali pa mwana tsiku lonse ndi wina, wophunzitsa kagulu motsata ndondomeko ndi winanso. Ku India, pulogalamu ya Balsakhi ya bungwe la Pratham inkatenga ana otsalira kuti aziphunzitsidwa pagulu ndi wothandizira maola awiri pa tsiku, ndipo malikisi anakwera.

Wophunzitsa aphunzitsi: Pocheza ndi othandizirawo, mphunzitsi wamkulu asakhalepo, apo ayi angokuuzani kuti zonse zili bwino. Afunseninso kuti phunziro la tsikulo amalidziwa nthawi yanji.